Canola, mpendadzuwa, soya kapena nsinjiro: mumphika mulowe chiti?

Alamu anga amagwira ntchito ku Cape Town. Chaka chatha atapita kukiliniki anawapeza ndi BP yokwera, ndipo atawayeza magazi zinaoneka kuti cholesterol nayonso yachuluka. Namwino anawalangiza zingapo: achepetse mchere, aziyenda ndawala, asiye kukazingira mafuta a nkhumba ndi majarini wouma, agule mafuta a canola. Iwo anamvera. Botolo lisanafike n'komwe pakati, pa gulu la WhatsApp la amayi akumpingo panagwa kanema wonena kuti canola ndi poizoni, kuti poyamba anali oyilo wa injini, kuti amaumitsa mtima n'kuononga ubongo. Usiku womwewo foni yanga inalira. "Alamu, nditaye kapena ndipitirize?"

Ndinawauza kuti asataye. Koma yankho limeneli palokha ndi loperewera, chifukwa funso lawolo ndi la tonsefe amene timaima pa shelefu m'sitolo, kapena pa benchi la mayi wogulitsa mafuta oyeza pamsika, ndalama m'manja ili yochepa, mabotolo ali mbwee, onse achikasu mofanana. Maganizo anga ndi awa: canola ndi mafuta abwino, mwina abwino koposa pa mafuta onse amene munthu wamba angakwanitse komwe amapezeka mosavuta. Si poizoni, komanso si mankhwala. Ubwino wake umaoneka akalowa m'malo mwa mafuta oipa, ndipo umatheratu akawiritsidwa kambirimbiri kapena akathiridwa mosayeza.

Mbale wake wa repu

Dzina lokha ndilo lachilendo. Mbewu imene imatulutsa canola ndi mtundu umodzi ndi repu yemwe timagula timitolo pamsika, ndipo ili pachibale ndi mpiru, chayinizi ndi kabichi. Ngati munasiyapo repu m'dimba mpaka kuchita maluwa achikasu n'kubereka timbewu takuda ting'onoting'ono, ndiye kuti munaona kumene mafutawa amachokera. Amene ali ku Western Cape amadziwa minda ija ya ku Caledon ndi Swellendam imene imachita chikasu chokhachokha mu August ndi September. Ameneyo ndi canola.

Kanema wa pa WhatsApp uja sananame zonse ayi. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, dziko la Canada linalima mbewuyi kuti lipeze mafuta ofewetsera injini za sitima zapamadzi zoyendera nthunzi. Mafuta akalewo anali ndi asidi wina wotchedwa erucic wochuluka zedi, magawo 40 kapena kuposerapo pa 100 alionse, ndipo makoswe amene anadyetsedwa asidiyu wambiri anapezeka ndi mafuta ataunjikana m'minofu ya mtima. N'chifukwa chake akatswiri awiri a mbewu, Baldur Stefansson wa ku University of Manitoba ndi Keith Downey wa ku Saskatoon, anatha zaka akukwatitsa ndi kusankha mbewu, monga mmene akatswiri athu amachitira ndi chimanga, mpaka anapeza mtundu wokhala ndi erucic wochepa kwambiri. Mtundu wotchedwa Tower unatuluka mu 1974, ndipo dzina loti canola linalembetsedwa mu 1978. Lero mafuta sangatchedwe canola ngati erucic wake wapitirira magawo 2 pa 100. Kanema uja akunena za gogo wake wa mbewuyi, pamene m'botolo muli mdzukulu.

Zimene zimasiyanitsa botolo ndi linzake

Palibe mafuta ophikira amene ali ndi chinthu chimodzi chokha. M'botolo lililonse muli mitundu itatu yosakanikirana, ndipo kusiyana kumagona pa kuchuluka kwa mtundu uliwonse.

Mtundu woyamba ndi umene pa lebulo amalemba kuti saturated. Umenewu mumauzindikira ndi maso: ndi uja umaundana mumphika nyama ya ng'ombe ikazizira, uja umamata m'kamwa mukadya kanyenya wa mbuzi wozizira. Ukachuluka m'zakudya, umakweza cholesterol yoipa ija amati LDL, imene pang'onopang'ono imamatirira m'mitsempha ya magazi mpaka njira kuchepa. Mapeto ake ndi matenda a mtima kapena sitiroko. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mafuta oundanawa asapitirire gawo limodzi pa magawo 10 a mphamvu zonse zimene munthu amapeza m'chakudya pa tsiku.

Mitundu iwiri inayo siundana, ndipo amailemba kuti monounsaturated ndi polyunsaturated. Ikalowa m'malo mwa oundana aja, LDL imatsika. M'gulu la polyunsaturated muli omega-6 ndi omega-3, amene thupi silingathe kupanga lokha, liyenera kuwapeza m'chakudya.

Mukayeza mafuta oundana pa magawo 100 alionse, canola ali ndi 7 okha. Mpendadzuwa ali ndi 10 kapena 11, olive 14, soya 15, mtedza 17, pamene mafuta a palm amafika pafupifupi 50 ndipo batala amaposa pamenepo. Pa muyeso uwu canola alibe mnzake. Gawo lalikulu la canola, magawo opitirira pang'ono 60, ndi monounsaturated, mtundu womwewo umene unatchukitsa olive. Alinso ndi omega-3 wa m'zomera wotchedwa ALA, magawo 9 kapena 10, chinthu chimene mpendadzuwa, mtedza ndi palm alibiretu kapena ali nacho chochepetsetsa.

Umboni wa pa anthu, osati pa pepala

Manambala a pa lebulo ndi chiyambi chabe. Chimene mayi wa BP akufuna kudziwa n'chakuti kodi alipo anthu amene anasintha mafuta n'kupulumukadi.

Nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya ku Finland. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, amuna a m'dzikolo, makamaka a m'chigawo cha North Karelia, ankafa ndi matenda a mtima kuposa kwina kulikonse padziko. Anali alimi ndi odula mitengo, anthu ogwira ntchito zolimba, osati aulesi, koma chakudya chawo chinali batala, mkaka wa mafuta, nyama yonona ndi mchere wambiri, fodyanso ali pakamwa. Mu 1972 kunayamba ntchito yosintha kadyedwe, yotsogoleredwa ndi dokotala wachinyamata Pekka Puska. Anayenda m'midzi, anagwira ntchito ndi magulu a amayi, analankhula ndi alimi ndi opanga zakudya. Batala anayamba kuchepa pa tebulo, ndipo m'kupita kwa nthawi mafuta a mbewu ya repu yolimidwa m'dziko momwemo analowa m'makhitchini ambiri. Patatha zaka 40, imfa za matenda a mtima pakati pa amuna a msinkhu wogwira ntchito zinali zitatsika ndi magawo opitirira 80 pa 100. Sikuti mafuta okha ndiwo anachita zonsezi. Kusuta kunachepa, mchere unachepa, zipatala zinapita patsogolo. Koma kutsika kwa cholesterol kunali gawo lalikulu la nkhaniyo, ndipo mtundu wonse wa anthu wakhala ukudya mafutawa zaka zambiri mitima yawo ikulimba, osati kuuma.

Ku France, mumzinda wa Lyon, Michel de Lorgeril ndi anzake anatenga anthu 605 amene anali atadwalapo kale mtima n'kuwagawa pawiri. Gulu lina linapitiriza ndi malangizo a nthawi zonse. Linalo linauzidwa kuti lizidya masamba, zipatso, buledi, nyemba ndi nsomba zambiri, nyama yofiira pang'ono, ndipo m'malo mwa batala linkapatsidwa majarini wopangidwa ndi canola. Zotsatira zoyamba zinatuluka mu 1994, zomaliza mu 1999: m'gulu lachiwirili, odwalanso mtima kapena kufa nawo anali ochepera theka poyerekeza ndi gulu loyamba. Apanso, chimene chinasintha ndi mbale yonse, canola anali mbali imodzi.

Bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, mu 2006 linalola opanga canola kulemba kuti supuni yaikulu imodzi ndi theka pa tsiku, magalamu 19, ingathe kuchepetsa chiopsezo cha matenda a mtima. Koma linaika malire awiri amene otsatsa malonda sakonda kuwatchula mokweza: umboniwo ndi wochepa, wosamanga mfundo kotheratu, ndipo mafutawo alowe m'malo mwa oundana, asakhale owonjezera pamwamba. Munthu amene akudyabe chiwamba chonona tsiku ndi tsiku n'kumathira canola m'ndiwo za masamba sanasinthe kanthu, wangowonjezera mafuta.

Chinanso choyenera kunena mosabisa: kafukufuku wambiri wa canola amalipiridwa ndi mabungwe a alimi ndi makampani a canola. Sizitanthauza kuti ndi wabodza, koma n'chifukwa chake ine ndimadalira kwambiri mfundo yaikulu imene yapezeka mobwerezabwereza pa mafuta osiyanasiyana, yoti osaundana akalowa m'malo mwa oundana mtima umapindula, kusiyana ndi nkhani zoti canola amachiritsa shuga kapena kusungunula mimba.

Omega-3 wa mu canola musamuyese wofanana ndi wa nsomba. Thupi limasandutsa kagawo kochepa chabe ka ALA kukhala mitundu ija ya EPA ndi DHA imene nsomba zimapereka yokonzeka kale. Botolo la canola sililowa m'malo mwa usipa.

Mantha amene akuyenda pa mafoni

Za erucic tanena kale. Palinso nkhani ya ku Spain ya mu 1981, imene ena amaiponya ngati umboni woti mbewuyi imapha. Chaka chimenecho anthu pafupifupi 20,000 anadwala ndipo oposa 300 anamwalira m'kanthawi kochepa. Chinachitika n'chakuti amalonda ena adyera anatenga mafuta a mbewu ya repu amene anali atathiridwa mankhwala a aniline kuti akagwire ntchito m'mafakitale, anayesa kuwayeretsa, n'kumawagulitsa m'misewu ndi m'misika m'zigubu zopanda lebulo ngati mafuta a olive otchipa. Amene anavulala kwambiri anali anthu osauka. Kwa ife phunziro la nkhaniyi silili pa canola ayi. Lili pa mafuta opanda dzina, ochokera m'chigubu chimene palibe akudziwa kumene chinachokera.

Ena amaopa hexane, mankhwala amene mafakitale amagwiritsa ntchito kukamulira mafuta otsalira m'mbewu. N'zoona amagwiritsidwa ntchito, koma osati pa canola pokha. Soya ndi mpendadzuwa wa m'mafakitale aakulu amadutsa njira yomweyo. Hexane amauluka kutentha kukangofika madigiri 69, ndipo poyeretsa mafuta amatenthetsa kuposa pamenepo kutalitali, choncho chotsala chimakhala chochepetsetsa. Amene mtima wawo sukhazikika ndi zimenezi angagule olembedwa kuti cold pressed, ongofinyidwa ndi makina, koma akonzekere mtengo wokwera ndi kafungo ka mpiru.

Canola wambiri wa ku Canada ndi wa mbewu za GMO, zimene asayansi anazisintha chibadwa mu labotale. Amene amakana GMO pa zifukwa za ulimi ndi ufulu wa mlimi pa mbewu yake ali ndi mfundo zofunika kuzimva. Koma pa za thanzi la wodya, mafuta oyeretsedwa amakhala mafuta basi, zomanga thupi za mbewuyo, m'mene muli kusinthako, zimatsalira m'chigamu chimene amadyetsa ziweto.

Za ubongo zinachokera ku kafukufuku wa mu 2017 wa ku Temple University, pa mbewa za mu labotale zimene zinasinthidwa dala kuti zidwale matenda oiwala a Alzheimer. Zodyetsedwa canola zinanenepa ndipo zinkakumbukira movutikira. Ndi kafukufuku weniweni, koma wa mbewa zochepa zodwala kale, ndipo sangalemere kuposa zimene zaoneka pa anthu.

Otsiriza ndi amene amati mafuta onse a mbewu amatupitsa m'thupi chifukwa cha omega-6. Akafukufuku atayeza magazi a anthu masauzande ambiri m'mayiko osiyanasiyana anapeza zosiyana ndi zimenezo: amene ali ndi omega-6 wa mtundu wa linoleic wochuluka m'magazi sadwala mtima ndi shuga kuposa anzawo, kawirikawiri amadwala mocheperapo. Ndipo ngakhale mutakhulupirira mantha amenewa, canola ali ndi omega-6 wochepa poyerekeza ndi mafuta ambiri a mbewu, magawo 20 okha, pamene mpendadzuwa amapitirira 60.

Mpendadzuwa ndi soya, amene tili nawo kale

Kuno kumudzi canola amapezeka m'masitolo aakulu a m'tauni mokha, wochokera kunja, pa mtengo umene mabanja ambiri sangaufikire mwezi ndi mwezi. Ndiye funso lenileni kwa wa ku Lilongwe, Chipata kapena Angónia ndi lakuti: kodi ndikutaya chiyani pophikira soya kapena mpendadzuwa?

Mukutaya zochepa kwambiri. Soya ndiye ali pafupi kwambiri ndi canola pa nkhani ya omega-3, ali ndi magawo 7 pa 100. Mafuta ake oundana ndi owirikiza kawiri a canola, komabe ali kutali ndi palm kapena batala, ndipo amatsitsa LDL bwino lomwe. Mpendadzuwa alibe omega-3, koma ali ndi vitamini E wambiri ndipo oundana ake ndi ochepa. Chofooka cha awiriwa ndi moto waukulu wa nthawi yaitali: polyunsaturated akachuluka, mafuta amaonongeka msanga akamawira mobwerezabwereza. Pa kukazinga anyezi ndi tomato mphindi zochepa, palibe chodetsa nkhawa.

Pali chinthu chimodzi chimene mafuta athu amapambana nacho. Lamulo la Malawi limafuna kuti mafuta ophikira ogulitsidwa m'dziko muno athiridwe vitamini A, monga zilili ndi shuga, ndipo bungwe la Malawi Bureau of Standards ndilo limayang'anira. Vitamini ameneyu amateteza maso ndi kulimbitsa chitetezo cha thupi, makamaka mwa ana. Ku South Africa lamulo lotere lili pa ufa wa chimanga ndi wa tirigu, osati pa mafuta. Choncho botolo la canola lobwera m'katundu wa pa basi kuchokera ku Joni likhoza kukhala lopanda vitamini A ngati lebulo silinanene. Pa banja la ana aang'ono kumudzi, ine ndingasankhe soya wathu wokhala ndi chizindikiro cha zakudya zowonjezeredwa michere kusiyana ndi canola wopanda chizindikirocho.

Mpendadzuwa wofinyidwa pa makina aang'ono a m'madera, wakuda pang'ono ndi wafungo uja, ndi wabwino akakhala watsopano ndi wosefedwa bwino. Koma sachedwa kusasa, amafuka utsi msanga, ndipo nthawi zambiri sanathiridwe vitamini A. Gulani wochepa wochepa.

Palm

Mafuta ambiri otchipa olembedwa kuti vegetable oil amakhala palm yekha kapena wosakaniza ndi ena. Mudzawadziwa mu June ndi July: amachita mtambo m'botolo kapena kuundana pansi. Theka lake ndi oundana, ndipo poyerekeza ndi canola, soya kapena mpendadzuwa amakweza LDL. Kwa munthu wa BP, shuga, kapena amene kwawo kuli mbiri ya sitiroko, amenewa asakhale mafuta a tsiku ndi tsiku ngati pali pothawira. Ubwino wake ndi woti amapirira moto, n'chifukwa chake okazinga malonda amawakonda. Mawese ofiira a ku Karonga, osayeretsedwa, ndi nkhani ina pang'ono: kufiirako ndi carotene amene thupi limasandutsa vitamini A. Oundana ake ndi omwewo, koma amabwera ndi mphatso imene palm woyeretsedwa anataya.

Olive

Pa umboni wa kafukufuku, extra virgin olive ndiye ali patsogolo. Ku Spain, kafukufuku wa PREDIMED anatsata anthu 7,447 amene anali pa chiopsezo cha matenda a mtima, ndipo amene ankadya zakudya za kwawoko zowonjezeredwa olive kapena mtedza wa m'mitengo anadwala mtima ndi sitiroko mocheperapo ndi magawo pafupifupi 30 pa 100. Olive wosayeretsedwa amasunga timichere ta chipatso timene canola woyeretsedwa alibe. Vuto ndi mtengo. Kabotolo ka theka la lita kangagule mafuta ena a mwezi wathunthu ndi ndiwo pamwamba. Amene ali ku Britain kapena ku Ireland ndipo thumba likulola, akhale ndi onse awiri: olive wa pa saladi ndi masamba, canola wokazingira. Kumeneko musafune dzina loti canola, amalemba kuti rapeseed oil, ndipo vegetable oil wambiri wa m'masitolo a ku Britain ndi yemweyo. Tembenuzani botolo muwerenge kumbuyo.

Mtedza, ndi njira imene agogo ankaidziwa

Mafuta a mtedza ali pakatikati: pafupifupi theka ndi monounsaturated, amapirira moto, amakoma. Ofinyidwa pakhomo ali ndi ngozi imodzi, chuku. Mtedza wosauma bwino kapena wonyowetsedwa posenda umamera nkhungu imene imatulutsa aflatoxin, poizoni wowononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana. Kuyeretsa kwa m'fakitale kumachotsa wambiri, kufinya wamba sikuchotsa.

Koma pamene tikukangana za mabotolo, tisaiwale kuti pali njira yosafuna botolo. Nkhwani wotendera, chisoso chotendera, futali wa mbatata, phala la nsinjiro: zonsezi ndi mafuta osaundana obwera limodzi ndi zomanga thupi ndi gaga wa mbewu, zinthu zimene mafuta a m'botolo alionse alibe, ngakhale olive. Chimandipweteka mtima n'chakuti m'tauni tinayamba kuona ndiwo zotendera ngati chizindikiro cha umphawi, ndipo ndiwo zoyandama m'mafuta ngati ulemu kwa mlendo. Mayi amene amatendera masamba katatu pa sabata ndi nsinjiro za mtedza wosankhidwa bwino, wochotsedwa wonyala, wobooka ndi wowawa, n'kumadya peyala m'nyengo yake ndi usipa kawirikawiri, ali pabwino kuposa wogula canola n'kumakazinga chilichonse.

Majarini ndi mafuta a nyama

Apa mawu ndi ochepa. Mafuta a nkhumba, a ng'ombe ndi batala akhale a apo ndi apo. Pa majarini ndi mafuta ouma ophikira makeke, werengani lebulo, mukaona mawu oti partially hydrogenated bwezani pa shelefu. Amenewo ndi mafuta a trans, oipitsitsa pa onse, amakweza cholesterol yoipa n'kutsitsa yabwino nthawi imodzi. WHO inayamba ntchito yowathetsa padziko lonse mu 2018, ndipo South Africa inaika malire a magalamu 2 pa magalamu 100 a mafuta kuyambira 2011. Majarini wofewa wa m'kontena nthawi zambiri amaposa wouma wa m'pepala.

Pa chiwaya

Apa ndi pamene kusiyana kwa mabotolo kumathera. Imani pa chiwaya madzulo muone mafuta amene akukazingira tchipisi: akuda bii, olemera ngati uchi, akuchita thovu, utsi wake ukuyabwa m'maso. Ena mwa iwo ayamba ntchito dzana, amangothiramo atsopano pamwamba. Mafuta akawira nthawi yaitali, kuzizira, n'kuwiranso, amasweka n'kutulutsa zinthu zoononga mitsempha, ndipo vitamini A uja amakhala atatha kalekale. Canola naye sapulumuka. Woyeretsedwa amapirira mpaka madigiri opitirira 200 asanafuke, koma omega-3 wake ndi wosalimba pa moto wautali.

Sindikunyoza anyamata a pa chiwaya kapena amayi a mandasi ndi zitumbuwa. Mafuta ndiwo amadya phindu lawo lonse, ndipo kutaya chigubu cha malita asanu ndi kugona ndi njala. Koma wodya adziwe kuti mbale ya tchipisi ya masana alionse ikumupatsa mafuta ambiri, ndi oipa kwambiri, kuposa mphika wa kunyumba. Kusintha botolo la kunyumba n'kusiya chizolowezi chimenechi kuli ngati kufolera mbali imodzi ya denga mvula ikulowera kwinako.

Kunyumba, mukakazinga mandasi kapena nsomba, dikirani mafuta azizire, asefeni ndi kansalu koyera, asungeni m'botolo lotseka pa mthunzi, ndipo muwamalize m'ndiwo masiku ochepa otsatira. Akada, akanunkha chiwawa kapena akayamba thovu, ntchito yawo yatha. Pogula oyeza pamsika, pewani timabotolo ndi timapulasitiki tokhala padzuwa tsiku lonse, chifukwa kuwala kumasasitsa mafuta ndi kupha vitamini A. Funsani kuti muone chigubu chimene akutungamo. Safunsa anadya phula.

Muyeso

Supuni yaikulu imodzi ya mafuta alionse, canola, olive kapena palm, ili ndi makalori pafupifupi 120. Pamenepa palibe wabwino kapena woipa. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti munthu mmodzi pa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi BP yokwera, ambiri osadziwa, ndipo kunenepa ndi mchere zili pakati pa zoyambitsa zake.

Werengani nokha. Banja la anthu asanu likamaliza botolo la malita awiri m'mwezi, aliyense akudya pafupifupi supuni imodzi pa tsiku. Botolo lomwelo likamatha m'masiku 10, aliyense akudya supuni zitatu kuchepekera pang'ono, makalori oposa 300, osawerengera mandasi a m'mawa ndi tchipisi ta kuntchito. Ambiri timathira kuchokera m'botolo mwachindunji, dzanja likuyeza lokha, ndipo dzanja limawolowa.

Mbali inayo isaiwalike. M'midzi yambiri vuto si kuchuluka kwa mafuta koma kusowa kwake. Mwana wa chaka chimodzi amene akudya phala la ufa woyera lamadzimadzi akufunika supuni yaing'ono ya mafuta kapena nsinjiro m'phalamo, kuti apeze mphamvu komanso kuti thupi lithe kuyamwa mavitamini A, D, E ndi K amene sayenda popanda mafuta. Malangizo a bambo wa zaka 50 wa mu ofesi asagwere mwana ameneyu.

Amene akumwa warfarin, mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, adziwe kuti canola ndi soya ali ndi vitamini K wambiri kuposa mpendadzuwa, choncho auze adokotala asanasinthe mafuta kapena kadyedwe kwambiri. Ndipo wa BP asasiye mapiritsi chifukwa wagula botolo latsopano.

Alamu anga anapitiriza ndi canola, popeza kumene aliko mtengo wake sutalikirana kwenikweni ndi wa mpendadzuwa, ndipo amalimidwa ulendo wa maola awiri kapena atatu kuchokera pamene amakhala. Anagula supuni yoyezera n'kuimangirira pa khosi la botolo ndi kachingwe. Atafuna kutumiza mabotolo anayi kwa amayi awo kumudzi pa Khirisimasi, ndinawapempha kuti atumize ndalama yake m'malo mwake. Amayiwo anagula malita awiri a soya wokhala ndi vitamini A, ndowa ya mtedza wosasenda, ndi usipa wouma wa mwezi wathunthu.